Apongozi Kumpando Wakumbuyo, Ulendo Wokaona Kasupe ku Quebec

Ndikanadziwa kuti mkazi wanga Esinati aitanidwa kuntchito Loweruka lija, bwenzi nditadwala dala. Ulendo tinaupangana anthu atatu: ine, iyeyo, ndi amayi ake aNambewe, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzakhala nafe miyezi itatu kuno ku Etobicoke, m'dziko la Canada. Tinati tidzalawirira m'mamawa kupita ku Quebec City, mzinda wakalekale wa anthu olankhula Chifalansa, mtunda wa tsiku lathunthu pagalimoto, kukaona kasupe amene ali patsogolo pa nyumba ya malamulo. Ndiye Lachisanu masana foni ya Esinati inalira. Kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira unamwino anzake awiri anali atagwidwa ndi chimfine, ndipo wolowa m'malo panalibe.

"Muwatenge ndinu," anatero Esinati, ngati akundituma buledi.

"Ine? Ndekha? Ndi amayi?"

"Ndege yawo ndi Lachinayi. Komanso akuti kukangoyamba kuzizira kwenikweni madzi aja amawatseka mpaka chaka chamawa. Tikaphonya wikendi ino, basi, sadzamuonanso kasupeyo."

Amene sanakwatire kwathu sangamvetse chimene chinanditulutsa thukuta. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sakhalirana pafupi, sayang'anana m'maso, sadyera limodzi. Anzanga ambiri zimenezi anazitaya kale, ena mpaka amajambulitsa atakolekana manja m'khosi ndi apongozi awo. Koma aNambewe ayi. M'fulati yathu kanjira kopita kubafa n'kopanikiza, moti tikakumanapo iwo ankatembenukira kukhoma, ine n'kudutsa chammbali ngati nkhanu. Mawu onse ankadzera mwa Esinati. "Uwauze bambo a Tadala kuti tiyi wapsa," ine ndili pomwepo, kapu ili m'manja.

Ukanakhala mwambo wokha sindikanadandaula. Koma pansi pa mwambowo panali china, ndipo ndinkachidziwa. Zaka khumi ndi zitatu zapitazo mapepala athu otilola kubwera kuno atatuluka, zinthu zinathamanga kwambiri. Ndinaimbira foni amalume ake a Esinati ndili ku Lilongwe, iwo n'kuvomera, ife n'kukwera ndege. Kumudzi sindinapiteko kukakhala pamphasa ndi kupempha chitengwa, kuti ndimutenge mwana wa eni kupita naye kwina. ANambewe mwana wamkazi ali naye mmodzi yekhayo. Kuyambira pamenepo sanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi lolunjika kwa ine, ndipo chinkandiwawa. Ndinkafunitsitsa kuti asakwere ndege Lachinayi zinthu zili chomwecho, koma poyambira sindinkapadziwa.

Nanga za kasupe zinachokera kuti? Ali mtsikana, aNambewe anaphunzira kusoka pamishoni ya kwawo, ndipo amene ankawaphunzitsa anali sisitere wina wochokera ku Quebec, dzina lake Terezi. Atakalamba sisitereyo anabwerera kwawo, kenako anawatumizira khadi lokhala ndi chithunzi cha kasupeyo. Kuseri kwake analemba m'Chichewa chake chopindika chija: "Ukadzabwera kwathu, ife tidzakumana pano." Sisitere anamwalira kalekale, koma khadi linali likadali m'buku la mapemphero la aNambewe. Chifikireni ku Canada sanapemphe kuona mathithi a Niagara, sanapemphe nsanja yaitali yotchuka ya m'tauni muno. Anangopempha kasupe.

Esinati ndi munthu wa nzeru zachangu. Pofika madzulo anali atapeza mkhalapakati: amai Tembo, mnzake wa kuntchito wochokera ku Chipata, amene ankafuna thiransipoti yopita ku Kingston kukaona mwana wake wa kuyunivesite. Ndinafunsa kuti nanga tikadutsa Kingston? Esinati anangoti, "Mulungu adzaona."

Tinanyamuka kusanayere bwino. Apongozi anakhala kumbuyo, mbali ya kudzanja lamanja, pamene galasi langa silifika. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi pamwamba pa jekete la Esinati, chisoti chaubweya cha mwana wathu Tadala pamwamba pa duku. Kunena zoona, mantha anali pomwepo koma mtima unkadumphanso ndi chimwemwe. Ine ndimagwira ntchito ya makompyuta ku Markham, moyo wanga wonse ndi msewu umodzimodzi wopita ndi kubwera, ndipo ku Quebec ndinali ndisanapondeko.

Amai Tembo tinakawatenga ku Scarborough. Anati ali okonzeka, koma tinadikira pakhomo pawo theka la ola. Atatuluka anali ndi zikwama zinayi, mpunga, kapenta, chigubu cha mafuta ndi bulangete, ngati mwanayo ali kundende.

"Ba Banda, sole maningi, alamu inanigonela!" anakuwa m'chiyankhulo chawo cha ku Chipata asanafike n'komwe pagalimoto. "Amama, mwauka bwanji? Fendelani uko, tinkhale tonse. Lelo ndine loya wanu."

Ndipo uloya anaugwiradi, kungoti ankathira mchere wawo. Titadutsa Oshawa apongozi ananong'ona kuti kukumveka kamphepo kumapazi. Amai Tembo anandigwira paphewa. "Ba Banda, ati mufuna kubapaya na mphepo? Yatsani hita!" Ine n'kuyankha mwaulemu kuti auzeni amayi kuti ndayatsa, andikhululukire. Iwo n'kutembenuka: "Ati balibe ndalama ya hita, muzilimba chabe." Apongozi anaseka. Ndinamva kuseka kwawo kukutuluka ngakhale anatseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje, ndipo ndinaponda mafuta mosangalala mpaka amai Tembo anandikumbutsa za apolisi.

Cha ku Belleville tinakumana ndi mdipiti wa magalimoto. Anali atatseka mbali imodzi ya msewu, ndipo tinakwawa pafupifupi ola lathunthu kumbuyo kwa thiraki yonyamula nkhumba. Apongozi anafunsa ngati nkhumba za kuno zili ndi eni ake kapena n'zaboma. Amai Tembo anawafotokozera za ulimi wa ku Canada wonse, zoona ndi zabodza zomwe, ine n'kumangogwedeza mutu. Mitengo m'mbali mwa msewu inali itafiira ndi kuchita chikasu, apongozi n'kuimvera chisoni kuti yagwidwa ndi matenda.

Ku Kingston tinatsitsa amai Tembo pakhomo pa nyumba ina ya ana asukulu. Asanatseke chitseko anasuzumira pawindo langa. "Manje muli mweka, ba Banda. Musabatayeko amama mu msewu." Anaseka mpaka kugwira mpanda. Ine sindinaseke.

Kuchokera pamenepo m'galimoto munangoti zii. Ndinkamva matayala okha ndi mikanda ya kolona ikugundana m'manja mwa apongozi. Ndinayatsa wailesi, n'kupeza nyimbo zosayenera kumvera ndi apongozi, n'kuzimitsa. Ndinatsokomola. Iwo anatsokomolanso. Tinayenda choncho mpaka kuyandikira Brockville, pamene ndinaganiza zoyatsa mapu a pafoni poti njira yakutsogolo sindinkaidziwa. Mawu achizimayi aja anatuluka m'masipika, odekha, kundiuza m'Chingerezi kuti ndipitirize msewu womwewo.

"Kodi akuyankhulawo ndi ndani?" Funsolo apongozi anafunsa denga la galimoto.

Ine ndinayankha galasi lakutsogolo. "Ndi mayi wa m'foni, amalozera anthu njira."

Kenako ndinamva akukonza kukhosi.

"Mayi inu a m'foni, muli bwanji? Ine ndine Nambewe wa ku Dedza. Tawauzani bambo a Tadala kuti pakapezeka poima aime, munthu wamkulu sayenda mtunda wonsewu osatsika."

Ndinatsala pang'ono kuuphonya msewu! Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, n'kuyankha ndi ulemu wonse: "Mayi, auzeni amayi kuti malo opumira ali patsogolopa, mphindi khumi zokha." Ngati kuti wamva, mayi wa m'foni anasankha nthawi yomweyo kunena kuti tipitirire makilomita ena ambirimbiri osakhota. Apongozi anati, "Zikomo, mayi. Muli ndi khalidwe."

Basitu, mkhalapakati anapezeka. Kuyambira pamenepo tinacheza kuposa mmene tinachezerapo zaka zonse zija. Anamuuza mayi wa m'foni kuti andifunse chifukwa chake minda ya kuno ilibe anthu olima. Ine ndinamutuma kuti awafunse ngati chimanga chakumunda kwawo chinachita bwino chaka chino. Anayankha nkhani yaitali ya fetereza, ya anyani ndi ya mpongozi wa mchemwali wawo amene amaba nthochi. Ndinkayendetsa ndikumwetulira ngati wopenga.

Pamalo ena opumira kufupi ndi Cornwall anatulutsa kontena ya nkhuku yokazinga ndi mbatata yophika, zimene anakonza dzulo lake. Gawo langa analiika pambale yapepala, n'kutsika, n'kuliika pamwamba pa boneti, n'kubwerera m'galimoto kukadya atayang'ana kumbali. Ine ndinadya chiimirire panja, mphepo ikundimenya m'makutu. Mbalame zoyera za kunyanja zija zinandizungulira, ndipo nditangotembenuka kuti nditsegule botolo la madzi, imodzi inanyamula ntchafu yonse. Ndinaithamangitsa pakati pa magalimoto a eni ndikukuwa m'Chichewa. Pobwerera ndinapeza pambale pali ntchafu ina. Apongozi anali atayang'anabe kumbali, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Tikuyandikira malire a chigawo cha Quebec ndinadziwitsa mayi wa m'foni kuti tikulowa dziko la Chifalansa. Kumbuyo kunamveka phokoso la zipi. Apongozi anali atatulutsa pasipoti, kalata ya dokotala ndi kalata imene tinawaitanira kuno, zonse atazigwira mmwamba. Tinadutsa chikwangwani chachikulu cha buluu, popanda chipata, popanda msilikali, popanda ngakhale wogulitsa mandasi. "Mayi, tawafunsani, boda yake ndi imeneyi? Ndiye ku Dedza tili patsogolo."

Zikwangwani zonse zinasanduka Chifalansa, ndipo apa ndi pamene ndinalakwitsa. Anzanga anandichenjeza kuti ndisalowe mu Montreal, pali msewu wolambalala. Mayi wa m'foni ananena nthawi yabwino kuti ndikhotere kumanja, koma dzina la msewulo analitchula mwa mtundu wina, chikwangwani chinalembedwa mwa mtundu wina, ndipo thiraki inali itanditsekera. Pamene ndinkazindikira tinali tili m'kati mwenimweni mwa mzinda, pakati pa zipilala za pulasitiki zofiirira zimene amaika pokonza msewu. Sindinaonepo zambiri chotero. Kulikonse kumene mayi ankatilozera kunali kotseka. Ankati khotani kumanzere, kumanzere kuli dzenje. Ankaganiza kaye, n'kunena kuti bwererani. Tchalitchi china cha denga lobiriwira tinachidutsa katatu.

Ulendo wachitatuwo apongozi analephera kupirira. "Mayi inu, kodi njirayi mukuidziwa kapena mukungoyerekeza? Ngati simunafikeko nenani, si mlandu. Taonani mwawatulutsa thukuta bambo a ana, chidzukireni m'mamawa sanapume. Munthu akamayendetsa samusokoneza chotero."

Mawu amenewo anandifika pamtima. Aka kanali koyamba kumva aNambewe akundiikira kumbuyo, ngakhale kuti mlandu wake unali wolimbana ndi foni. Ndikanatha ndikanazungulira tchalitchi chija kachinayi.

Tinatuluka mu Montreal dzuwa litapendeka, titataya maola awiri. Ndinawerengera kuti tikalimbikira tikafika kusanade. Koma titangodutsa Saint-Hyacinthe kanyali kachikasu kanayaka padashibodi, chiwongolero n'kuyamba kukokera kumanja. Ndinaima m'mbali. Tayala lakutsogolo linali litaphwa, msomali utalowa pakati pake. Ndinagwada pamiyala n'kuyamba kumasula, mathiraki akudutsa ndi chimphepo chofuna kundigwetsa. Apongozi anatsika okha, n'kukaima patali pang'ono kumbuyo kwa galimoto, n'kumakupiza chitenje chofiira kuti madalaivala atione. Tayala lapadera la galimoto yanga ndi kaja kakang'ono ngati ka wilibala, kosayenda nako mtunda wautali. Panafunika galaja, ndipo linali Loweruka madzulo.

Awiri oyamba tinawapeza otseka. Wachitatu anali m'kamudzi kena kamene dzina lake sindingalitchule ngakhale mutandimenya, ndipo mwini wake, bambo wachikulire wa ndevu zoyera ndi ovolosi yamafuta, anali akukoka chitseko kuti azipita. Ndinathamanga n'kuyamba kufotokoza m'Chingerezi changa chabwino cha ku ofesi. Anandiyang'ana, n'kuyankha zinthu zambirimbiri zotulukira m'mphuno, n'kuloza wotchi yake. Ndinayesa kunena pang'onopang'ono. Ndinayesa mokweza. Ndinatulutsa foni kuti itanthauzire, n'kupeza netiweki palibe. Madigiri anga awiri anathera pamenepo, ndinagwira njakata.

Ndiye ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekuka.

"Bonzuu, mesiye," anatero apongozi, atapinda mawondo pang'ono ngati akulonjera abambo mfumu a parishi.

Bambo uja anasiya chitseko. Apongozi anapita kubuti, n'kuloza tayala lophwa lija, n'kuika chala pamsomali. "Egwiye," anatero. Kenako anazunguliza chala. "Tulu." Kenako anachita ngati akusoka m'malere, dzanja likukwera ndi kutsika. "Lakomode, sivupule. Dusima, dusima."

Ndinadzamva pambuyo pake kuti ananena kuti singano, bowo, sokani chigamba chonde, pang'onopang'ono. Chinali Chifalansa cha m'kalasi ya zosoka ya Sisitere Terezi, chimene chinagona m'mutu mwawo zaka zoposa makumi asanu. Bambo uja anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Anabwereza mawu aja, "lakomode," n'kumenya tayala ndi dzanja, n'kukankhiranso chitseko mmwamba. Akuluakulu ananena kuti mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma sindinkayembekeza kuti kalumo kake kakhala ka telala.

Ntchito inatenga nthawi chifukwa bamboyo ankasiya tayala n'kumacheza ndi apongozi. Anawapatsa mpando ndi khofi. Iwo anatulutsa mawu onse amene anali nawo: ulusi, sizasi, khalani chete atsikana, ndi pemphero lonse la Tikuoneni Maria, limene bamboyo analimaliza nawo atavula chipewa. Ine ndinangoima pakona ngati mwana woperekeza. Kenako bamboyo ananena zina akuloza kunja kumene kunkayamba kuda, n'kuika manja awiri patsaya. Apongozi anamva. Anayang'ana uku ndi uku kufuna wotuma, koma foni ndinali nditaibweza m'galimoto. Anayang'ana kalendala ya pakhoma n'kuiuza kuti, "Akuti tisapitirire lero, tikagone ku Drummondville." Ine ndinayankha kalendala yomweyo kuti ndamva.

Tinagona pamotelo ina m'mbali mwa msewu, zipinda ziwiri, china kumapeto uku china kumapeto uko. Ndinaimbira Esinati n'kumufotokozera zonse. Anaseka mpaka Tadala anabwera kudzafunsa m'Chingerezi chake kuti chachitika n'chiyani kwa agogo. Kenako Esinati anafunsa motsitsa mawu, "Nanga zija, mwayankhula nawo?" Ndinati ayi, tikudzerabe mwa anthu ena.

M'mawa kunacha ndi chisanu choyera pamagalasi a galimoto, ndipo mtima wanga unagwa. Ndinkapala galasi ndi khadi la kubanki ndikupemphera kuti a mzindawo asakhale atadzuka ndi maganizo otseka madzi. Apongozi anatuluka atavala chitenje china chatsopano ndi nsapato zawo za pa Khirisimasi. M'chipinda chodyera anakhala tebulo la pawindo, ine la pafupi ndi chitseko, mtsikana woperekera zakudya n'kumatiyang'ana ngati banja lokangana.

Msewu wotsalawo unali wowongoka ndi wopanda anthu. Tinawoloka mtsinje waukulu pamlatho, mayi wa m'foni n'kutilowetsa mumsewu wa mitengo ndi nyumba zamiyala. Kumbuyo mikanda inasiya kulira. Kenako nyumba ya malamulo inatulukira kumanzere ndi nsanja yake, ndipo patsogolo pathu, pakati penipeni pa msewu, madzi anali akuthovokera kumwamba, dzuwa likuwala m'kati mwake.

"Uyo! Uyo! Ndi yemweyo!" anakuwa apongozi, osatuma aliyense. Nanenso ndinakuwa, mpaka ndinaliza hutala mosadziwa.

Chimene khadi silinaonetse n'chakuti kasupeyo ali pakati pa raundabauti. Poima panalibe. Ndinazungulira kamodzi, kawiri, katatu, apongozi akusuntha kuchoka windo ili kupita windo linalo kuti asamutaye. Pomaliza ndinapeza malo oimika galimoto apansi panthaka, kutali ndithu, ndipo tinabwerera wapansi, iwo patsogolo ndi liwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo, ine kumbuyo mapazi khumi monga mwa nthawi zonse.

Kasupeyo ndi wachitsulo, wosanjikizana ngati mbale zikuluzikulu, ndipo pansi pake pakhala zifanizo za anthu. M'mphepete mwa dziwe lake muli achule achitsulo olavula madzi. Apongozi anamuzungulira yense pang'onopang'ono, akuyerekeza ndi khadi lawo. Anaviika dzanja m'madzi n'kulichotsa msanga chifukwa cha kuzizira. Anadandaula kuti madzi onsewa akungotayika popanda ngakhale mmodzi wobwera ndi ndowa. Panali alendo ena ambiri ndithu, gulu lotsika m'basi, aliyense ndi foni mmwamba.

Ine ndinapeza chikwangwani chofotokoza mbiri yake, ndipo mwamwayi chinali ndi Chingerezi. Ndinawerenga mokweza, ndikuyang'ana chule wina, kuti kasupeyu sanapangidwire kuno. Kwawo ndi ku France, mumzinda wa Bordeaux, ndipo anachita kumunyamula kuwoloka naye nyanja.

"Kani nayenso ndi wachitengwa," anatero apongozi.

Anakhala pamphepete pa dziwe, khadi lili pamiyendo. Madzi ankawawaza pamsana. Atayamba kuyankhula sanayang'ane ine, sanayang'anenso foni. Anayang'ana madzi.

"Sisitere, ndabwera. Ndine Nambewe, uja munkati manja ake ndi olemera ngati khasu. Mwanditsogolera, koma ndafika pamene munanena. Wandibweretsa ndi mkamwini wanga, ndi uyo waima apoyo. Ndi munthu wabwino, Sisitere. Mwana wanga amamusunga bwino, ndaona ndi maso anga. Dzulo wadyera panja pamphepo osadandaula, wagwada pamiyala kukonza tayala. Koma chinthu chimodzi chokha. Pamene ankamutenga Esinati, ine ndinamvera kuchigayo. Amayi ena ndi amene anandifunsa kuti, kodi mwana wanu akuti wakwera ndege? Ine ndili ndi lichero m'manja, n'kunama kuti ee, ndikudziwa. Sindikanakana, Sisitere. Ndani angakanize mwana wake mwayi? Ndinkangofuna andipemphe, kuti ndimupereke ndi pakamwa panga."

Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, ndipo misozi inandilengeza. Za kuchigayo sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anakwiya chifukwa mwana wawo ali kutali.

Mapazi khumi aja ndinawayenda osaganiza. Ndinafuna kunjuta patsogolo pawo monga achitira mwamuna kwathu, koma miyendo inali itauma ndi ulendo, moti bondo limodzi linangogwa pansi pamiyala yonyowa. Ndinaomba m'manja katatu.

"Amayi," ndinatero, kwa iwo, popanda wodzeramo. "Ndinalakwa. Ndinachita zachibwana, ndinakuchititsani manyazi pamaso pa anthu. Ndabwera mochedwa, koma ndabwera. Ndikupempha mwana wanu Esinati, ndikakhale naye kumene ndikukhala."

Ndikudikira yankho ndinazindikira kuti phokoso la alendo aja latha. Nditaponya diso kumbali ndinaona gulu lonse latizungulira, mafoni atatilozetsa. Mayi wina wachizungu anali atagwira pamtima, misozi italengeza m'maso. Iwo ankaona mwamuna atagwada bondo limodzi patsogolo pa mkazi, pakasupe, Lamulungu m'mawa. Kwawo zimenezo zili ndi tanthauzo limodzi lokha: kufunsira ukwati.

ANambewe anakweza nkhope n'kundiyang'ana m'maso. Sindinkadziwa kuti maso awo ndi ofanana chotero ndi a Tadala.

"Mtengeni, bambo," anatero. "Ndakupatsani."

Anatambasula dzanja, ine n'kulilandira ndi manja awiri. Pomwepo gulu lonse linaphulika. Anaomba m'manja, ena kuimba mluzu, woyendetsa basi n'kuliza hutala, bambo wina n'kumakuwa mawu Achifalansa akutikupizira chipewa.

Apongozi anadzidzimuka n'kundigwira dzanja mwamphamvu. "Kodi azunguwa akuomberanji m'manja?"

"Akusangalala kuti mwavomera, amayi."

"Oo, kani amadziwa mwambo." Anawagwedezera mutu mwaulemu mbali zonse, kenako anandiyang'ananso. "Nanga inu mukhala chogwada mpaka liti? Dzukani, thalauzi lanyowa. Tiyeni tikafune tiyi, ndipo mukhale tebulo lomwelo, ndili ndi zambiri zoti ndikufunseni."